Botolo Limene Silinalire pa Khirisimasi

Chaka chimene anayamba kugwetsa mitengo ku Nchalo kuti adzale nzimbe, ine ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo agogo anu a Zuze, amene akutumani kuno lero, anali kamnyamata ka mamina kondilondola kulikonse kumene ndalowera. Iwe Esinati, uthenga wakowo uyambe wausunga. Ndamva kuti mng'ono wanga wagona, sakudzuka, achipatala amubweza kunyumba, ndipo akundifuna. Ndamva. Botolo mwabwera naloli ndaliwonanso, liikeni pamthunzi apo, musalitsekule. Iwe Yohane, zimitsa njinga yamotoyo, mafuta ndi odula, ndipo sindinanene kuti ndikwera. Khalani pamkekapo ndiyambe ndakuuzani chifukwa chake sindinaponde pakhomo pa munthu wa bere limodzi ndi ine chimwalirireni amayi athu. Mukamva muweruze nokha ngati wolakwa ndine.

Masiku ano zakumwa zoziziritsa kukhosi zili paliponse. Ngakhale kuno kwa Chapananga mwana wopanda ndi kabudula yemwe amayenda atagwira kabotolo ka pulasitiki, theka amwa, theka ataya, kabotoloko nkuponya m'munda mwanga kuti mbuzi zanga zizitafuna. Nthawi yathu sizinali choncho. Sitolo inali kutali, ulendo wonyamuka m'mamawa nkukafika dzuwa lili pamutu, ndipo ankapitako ndi akuluakulu okha akagulitsa thonje, kukagula mchere, palafini ndi nsalu. Za zakumwa za m'botolo tinkangomva m'nkhani za anthu obwera ku boma, koma panalibe mwana wa m'mudzi mwathu amene anayikapo pakamwa, kupatula mmodzi amene ndimutchula bwino lino.

Ife ana tinali ndi masanje athu pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa khola. Atsikana ankaphika dothi m'mapale, anyamata ena ankaumba ng'ombe, koma ine ndinati ayi, mudzi wopanda sitolo si mudzi. Mumve bwino pamenepa, chifukwa kwanu ku Nchalo nkhaniyi amaikamba mozondotsa: amene anaganiza za sitolo ndine, osati Zuze. Ndinazika mphanda zinayi, ndinayala mapesi a mapira pamwamba nkumanga ndi luzi, kauntala nkukhala imeneyo. Shuga wanga unali mchenga woyera wa mumtsinje wa Mwanza, wosefa bwinobwino ndi kansalu. Mchere unali timiyala. Sopo ndinkaumba ndi dothi la pachulu, nkudula m'mitanda ndi mpeni wa amayi, nkuyanika. Sikelo ndinapanga ndi zigoba ziwiri za malambe zolendewera pakamtengo, ndipo ndalama zinali zidutswa za mbale zosweka. Zakumwa tinali nazo, madzi a malambe ndi a bwemba oviika m'chikho, ndipo zimenezo zokha ndiye zinali zolowa m'mimba.

Zuze ntchito yake inali pakamwa. Manja ake sanaumbepo ndi sopo mmodzi yemwe, koma pakamwa pokha anali napo. Atsikana ankabwera atabereka zitsononkho kumbuyo ngati ana, wina nkunena kuti, "Bwana sitolo, shuga wanuyu ali ndi nyerere." Ine ndisanaganize choyankha, iye wayankha kale kuti, "Nyererezo ndi banyira, mayi, sitikulipiritsani." Onse nkuseka, ndipo ine ndinkasekanso, chifukwa nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kumene pakamwa pameneponso padzandifikitse.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kuja mumakudziwa kumene nkhuku zimayenda zitayasamula, anafika amalume a Fombe, mchimwene wawo wa amayi, amene anali atalembedwa ntchito yokumba ngalande m'minda ya nzimbe ija. Anapatsa amayi nsalu, anapatsa bambo fodya, kenako anapisa m'thumba nkutulutsa botolo la galasi, chakumwa chakuda chili m'kati, chitsekerero chake chachitsulo chonyezimira. Anati, "Ili ndi la anyamata awiriwa. Mugawane." Ndipo anatifotokozera kuti, "Mukamalitsekula limalira kuti tsiii, ngati mphiri yapondedwa kumchira. Mukamwa limakubayani lilime ngati timinga, kenako mumageya mpaka misozi."

Zuze anayamba kudumphadumpha kuti achimwene titsekule, achimwene titsekule. Ine ndinakana. Ndinamuuza kuti tikamwa lero, mawa sitolo yathu ikhala ya mchenga ngati kale, koma tikaliika pakauntala tikhala ndi katundu weniweni amene mwana wina aliyense alibe. Ndinati tidzatsekula pa Khirisimasi, anthu onse akuwona. Analira, anakandinenera kwa amayi, koma amayi anati wamkulu ndi amene amasunga zinthu. Nkhani inathera pomwepo.

Ndipo ndinalondola, ana inu, zimenezo palibe angandilande. Pasanathe sabata mbiri inali itafika midzi ya kutsidya. Ana ankayenda mtunda, ena atasiya mbuzi za kwawo m'tchire, kudzangowona botolo. Zidutswa za mbale tinasiya kulandira. Wofuna kuligwira ankabwera ndi masawu kapena msale, wofuna kuliika patsaya ankabwera ndi dzira la nkhanga. Ukaliyang'anitsa padzuwa chakuda chija chinkaoneka chofiira ngati magazi a mbuzi. Koma chimene ankachikonda kwambiri chinali kuligwedeza. Ukaligwedeza mwamphamvu thovu linkakwera kukhosi kwa botolo, timadontho ta mpweya nkumathamangira m'mwamba, ana nkumakuwa. Tinkaligwedeza tsiku lonse, m'manja mwa uyu, m'manja mwa uyo, padzuwa lomwe lija, ndipo panalibe wamkulu wotiuza kanthu chifukwa nawonso sankadziwa.

Filiji kunalibe, mukudziwa. Filiji yathu inali mtsinje wa Mwanza. Nyengo imeneyo umakhala wouma pamwamba, koma amayi akakumba mchenga mkono umodzi amapeza madzi ozizira, mpaka lero ndi mmene timatungira mijigo ikawonongeka. Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndiye madzulo aliwonse tinkakwirira botolo mumchenga wonyowa pafupi ndi muzu wa mtondo, malo odziwa ife awiri basi, m'mawa nkukalifukula lili zii. Tinkasinthana, lero ine, mawa iye.

Kutatsala masiku anayi kuti Khirisimasi ifike, inali nthawi ya Zuze yokafukula. Anachedwa. Ine ndatsegula sitolo, ana afika kale, iye kulibe. Atatulukira, malaya ake anali onyowa kutsogolo konseku, njuchi ndi ntchentche zikumuzungulira, iye akuzikupiza ndi dzanja limodzi, dzanja linalo atakumbatira botolo lokulunga m'chiguduli chonyowa, chomanga ndi luzi kuyambira pansi mpaka kukamwa. Anati, "Achimwene, lisatulukenso m'chigudulimu mpaka tsikulo. Lizizire bwino. Komanso anthu akalisowa masiku angapo adzabwera ochuluka." Ine ndinawona kuti mwanayu walankhula zanzeru, ndinamusisita ndi kumutu komwe. Za njuchizo amayi atamufunsa, anati anakumana ndi abusa akufula uchi ndipo anamupatsako. Amayi anamuvula malaya aja nkuchapa, akudandaula kuti akunata.

Tsiku linafika. Titabwera kutchalitchi, titadya mpunga umene tinkauwona kamodzi pachaka, dzuwa litapendeka pang'ono, ana a midzi itatu anadzaza pansi pa masawu paja, ena atakwera m'mitengo. Ine ndinavala chipewa cha bambo, ndinaima kuseri kwa kauntala, ndinamasula luzi, chiguduli ndinangochitsitsa mpaka pakhosi pa botolo. Ndinatenga msomali. Ndinati, "Aliyense akhale chete, mumve kulira kwake." Kunali zii, mwana wina amene anatsokomola anamenyedwa khofi ndi mlongo wake.

Ndinangokhudza ndi msomali uja, chitsekerero chinagwa chokha ngati tsamba louma. Phokoso panalibe. Mbuzi ina inalira kukhola, basi.

Wina m'mwamba mumtengo anafunsa kuti, "Lalira?"

Ine ndinati, "Lalira. Simunamve chifukwa mukupuma mokweza."

Ndinakweza botolo, ndinamwa. Chinali chowawasa, chonunkha ngati chikho chosatsuka. Musaganize kuti lilime langa linali lakufa, ndinamva ndithu kuti chikufanana ndi bwemba, koma ndinati mumtima kapena azungu nawonso ali ndi bwemba yawo, ndingadziwe bwanji ine? Maso onse anali pa ine. Ndinatsinzina, ndinati, "Eee! Kubaya lilime kwake!" Ndinadzikakamiza kugeya mpaka ndinageya. Ndipo ndinayamba kuthira m'kachitsekerero kaja, mwana aliyense kamodzi. Woyamba anamwa nati kukoma. Wachiwiri nati kukoma, nayenso nkugeya. Tonse tinali mbuli zofanana, ndipo chikhala kuti panalibe Luwiza, bwenzi tikukamba mpaka lero kuti tinamwa cha sitolo.

Luwiza anali mwana wa aphunzitsi a pasukulu ya mishoni, ndipo ndi yekhayo amene anamwapo chenicheni, bambo ake atamutenga ku boma. Analandira kachitsekerero, anamwa. Kenako anapisa zala m'kamwa nkutulutsa kaluzi kaja kamakhala m'kati mwa bwemba, nkukakweza m'mwamba kuti onse awone. Anati, "Iyi ndi bwemba. Bwemba yosasa."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndimakumvabe. Amene anali mumtengo anatsala pang'ono kugwa. Omwe aja anati kukoma ndi amene anaseka kwambiri, nkumanditsanzira mmene ndinatsinzinira, "Eee! Kubaya lilime kwake!" Nditayang'ana m'mbali mwanga, Zuze palibe. Ndinamupeza atabisala pansi pa nkhokwe, ndinamukoka mwendo, ndinamumenya mpaka amayi anatulukira ndi mthiko. Amayi athu anali Msena wa kwa Mlolo, ndipo akakwiya ankabwerera kuchilankhulo cha kwawo. Anakuwa kuti, "Pyakwana! Pyakwana!" ndiko kuti zakwana, nkutilekanitsa.

Bambo anali pabwalo ndi anzawo akumwa uchema wa Khirisimasi, ndipo mlandu unakambidwira pomwepo, amuna onse akumva. Ine ndinafotokoza ndikulira. Zuze atafunsidwa anangoti, "Sindinamwe ine." Anafunsidwa katatu, katatu konse yankho lomwelo. Ine ndinkayembekezera kuti bambo athyola mkwapulo. Koma bambo anaseka, anaseka mpaka kutsokomola, nkuuza anzawo aja kuti, "Wamkulu wasunga botolo miyezi iwiri, wamwa bwemba. Wamng'ono sanasunge kanthu, wamwa cha sitolo. Tandiuzani, mwa awiriwa wa mutu ndani?"

Mwina inu mukuwona ngati ndi nkhani yoseketsa, ndakuwona iwe Yohane ukubisa mano. Seka, ena anaseka kale. Koma mumve chimene chinatsatira. Thonje la chaka chimenecho silinachite bwino, ndipo sukulu itayandikira kutsegulira bambo anati sangathe kulipirira ana awiri, apita mmodzi, winayo atsala ndi mbuzi. Sanavutike nkuganiza. Anali ataweruza kale tsiku lija, chikho cha uchema chili m'manja. Ine ndinalekera Sitandade 2, dzina langa ndimalemba movutikira mpaka lero, pamene agogo anuwo anapitirira, nakakhala kwa amalume ku Nchalo, nadzatsegula golosale imene yakulerani inuyi. Nditapitako koyamba ndinapeza shuga waika kumanja, sopo kumanzere, sikelo pakati, ndendende mmene ndinkayalira ine pa mapesi a mapira. Anthu nkumati a Zuze anabadwa ndi mutu wa bizinesi.

Ndipo dzina. Inu mumanditcha agogo a Bwemba, mumayesa ndi dzina la makolo? Linayamba tsiku lomwelo ndipo silinachoke. Ndikapita ndi mbuzi kumsika, mnyamata amene bambo ake anali asanabadwe nthawi imeneyo amandikuwira kuti a Bwemba, mbuziyo tiigule bwanji? Malemu mkazi wanga anatha chaka chathunthu pakhomo pano akuyesa kuti ndi dzina la ubatizo.

Ine ndinalumbira kuti chakumwa cha m'botolo sichidzalowa m'kamwa mwanga mpaka Zuze adzanene ndi pakamwa pake kuti achimwene, ndinamwa ndine. Mawu atatu basi, sindinapemphe ng'ombe. Ndipo ndasunga lumbiro langa. Pamaukwati anthu akamalimbirana mabotolo ine ndimapempha thobwa. Kugolosale kuja anali ndi filiji ya palafini, ndikafika ankakuwira wantchito kuti, "Tawapatsani achimwene yeniyeni, atsekule okha!" Ine ndinkati nena kaye. Iye nkuseka, nkuti, "Achimwene, mukadali pomwepaja? Ine sindinamwe." Tinakalamba tikubwereza zomwezo.

Chimene chinadula chingwe ndi maliro a amayi. Iye anabwera ndi galimoto, makireti a zakumwa ali kumbuyo, akuti adzukulu okumba manda aziziritse kukhosi. Chabwino, anali nazo. Koma tikuchokera kumanda, amayi tangowakwirira kumene, mwamuna wina anatenga botolo nkunena kuti, "Tsekulirani pafupi ndi khutu la a Bwemba, amve mmene limalirira." Anthu anaseka. Ndinayang'ana mng'ono wanga kuti mwina awaletsa, ndinapeza nayenso mapewa akugwedezeka. Ndinanyamuka osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamulankhule. Pa ukwati wa mayi anu sindinabwere, mukudziwa tsopano chifukwa chake.

Ndatha. Tsopano iwe Esinati nena uthenga wakowo, koma unene pang'onopang'ono ndipo ukhale mbali ino, khutu ilo ndi lakufa.

Akuti chiyani? Akuti anatsekula ndi iyeyo? Eya, pamenepo wayamba bwino. Pitiriza.

Akuti ankangofuna kulawa pang'ono, kadontho kamodzi, nkutsekanso. Anakweza chitsekerero ndi mano kumbali imodzi. Ndiye? Chonse chinatumphuka? Chinamuwaza kumaso, m'malaya, chotsala chinalowa mumchenga iye akuyesa kutseka ndi chala. Akuti ananyambita zala zokha ndi mchenga womwe. Ndiye poopa ine anathamangira kuchikho cha bwemba, nkuthira, nkukhomerera chitsekerero ndi mwala.

Bodza. Munthu ameneyo ndi wa pakamwa, ndakuuzani kale.

Iwe Yohane, iwe wagulitsapo m'golosalemo. Botolo ngati ili, ukaligwedeza kwambiri lili lotentha, nkulitsekula, limatani? Lonse? Osatsala ndi theka lomwe?

Tsono njuchi zija. Malaya aja ankanata kuyambira pakhosi mpaka pamchombo, ndipo ine ndinawagwira ndi manja angawa pothandiza amayi kumuvula. Munthu wakumwa bwinobwino sanyowa chomwecho. Uchi wake wa abusa uja sindinamuwone nawo ndi pamlomo pomwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuwona m'maganizo mwanga atakhala pa muzu wa mtondo uja, miyendo atatambasula, akumwa pang'onopang'ono nkumageya, akundiseka. Kani anali kamwana ka zaka zisanu ndi zitatu kakukwapula mchenga ndi manja, kakulira kokha kumtsinje.

Nanga osanena bwanji? Anakufotokozera zimenezo? Akuti bambo atamutcha wa mutu pamaso pa amuna onse aja, anachita mantha kunena kuti anangotaya, kuopa kuti amutcha chitsiru kuposa ine. Ndiye sukulu anapita chifukwa cha botolo limene sanamwe nkomwe. Hm. Pamenepo ndiye wandikwiyitsa kuposa kale, ukamuuze. Ayi, usakamuuze, ndikamuuza ndekha.

Musaganize kuti nkhani ya sukulu yatha chifukwa cha kauthenga aka. Zaka zimene ndinatha kumbuyo kwa mbuzi palibe adzandibwezere, ndipo bambo amene anaweruza mlandu wa ana ali ndi chikho m'manja anapita kale, sindingawafunse. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo munthu, ndipo ndikuuzani inu chifukwa mwakhala chete nkundimvera. Amalume sananene kuti musunge. Anati mugawane. Theka la botolo lija linali la Zuze kuyambira tsiku loyamba, ndipo ine ndinamuyendetsa miyezi iwiri akulinyamula m'mawa ndi madzulo, akuliwona m'manja mwa ana a eni, iye osalawa ndi dontho lomwe. Amene ankalamula kuti ligwedezeni kwambiri thovu lioneke ndinenso. Inu ana, munthu akakupatsani chinthu nati mugawane, gawanani tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ndipo mukalakwa nenani msanga, pamene cholakwacho chikadali cha msinkhu wa botolo limodzi.

Esinati, lowa m'nyumbamo, kuseri kwa chitseko kuli jekete langa ndi nsapato. Utengenso chiguduli chili pamtondopo, uchiviike mumtsuko, ubwere nacho ndi luzi. Botololi ndikulunga ndekha ndipo ndinyamula ndekha. Akalitsekule iyeyo ndi manja ake, ngati manjawo alibe mphamvu ndimugwirira, koma akatsekule ine ndili pomwepo, kumbali ya khutu lamoyo. Woyamba kumwa ndine, ndine wamkulu.

Ine ndikhala pakati, Esinati kumbuyo. Ndipo iwe Yohane, msewu uwu ndimaudziwa, ndi mabampu okhaokha mpaka kukafika pamsewu wa tala. Uyendetse pang'onopang'ono, ngakhale tikafike dzuwa litapendeka. Botolo ili lisagwedezeke.